Pick yapamwamba ipite kwa chimphona cha pa mzere kapena kwa wogwira mpira? Tiweruzeni ine ndi mlamu wanga

Mngoni_waku_Domwe:

Moni akuluakulu nonse muno. Nkhani yanga ndi ya mpira wa ku America uja wa NFL, nde amene simuukonda mungodutsa chonde, zoti "mpira wanji wofukata m'manja ngati dzungu" tinazimva kalekale kkkk. Ine kwathu ndi ku Domwe koma ndimakhala pa Ulongwe, tilipo kagulu ka anthu 6 timaonera Lamulungu usiku pa baraka ina kufupi ndi msika, mwini wake ali ndi DStv nde anthu a Premier League akabalalika amatisiira ESPN, magemu oyamba amayamba 7 koloko usiku nthawi yathu ino, ikafika November amasunthira ku 8 koloko. Ine ndimasapota Cincinnati Bengals, chifukwa chake nchopusa, ndinatola jezi yawo pa kalamidadi ndisanadziwe nkomwe kuti ndi ya timu yanji, basi ndinangokhala wa kumeneko mpaka lero.

Kwa amene simukudziwa draft, kumeneku osewera atsopano sagulidwa ngati mmene UD Songo imagulira munthu ku timu ina ayi. Kumapeto kwa April matimu onse 32 amasankha anyamata ochokera m'mayunivesite mosinthana, maraundi 7, ndipo timu yomwe inachita manyazi kwambiri sizoni yathayo ndi yomwe imayamba kusankha. Mwayi uliwonse wosankha munthu umatchedwa pick. Nde pick yapamwamba ndi chinthu chowawa, umaipeza utalira chaka chonse, sungaitaye pa munthu wolakwika.

Tsono mkangano wathu ndi uwu. Mu November 2020 quarterback wathu (QB, woponya mpira) Joe Burrow anavulala bondo moopsa pa gemu ya Washington, chaka chake choyamba, ndipo aliyense ankaona kuti anthu asanu omutchinga kutsogolo aja, amene timati mzere, anali ngati mpanda wa mapesi nthawi ya mvula. Draft ya 2021 tinali ndi pick nambala 5. Panali Penei Sewell, tackle (woima kumapeto kwa mzere) wa ku yunivesite ya Oregon, mwana wa ku American Samoa, chimunthu chachikulu koma mapazi opepuka. Timu yanga inamudumpha nkutenga Ja'Marr Chase, receiver (wogwira mpira woponyedwa), mnzake wa Burrow wa ku yunivesite ya LSU komwe anawinira limodzi chikho cha mayunivesite sizoni ya 2019. Sewell anakagwa ku Detroit Lions pa nambala 7.

Mlamu wanga mpaka lero akuti tinalakwitsa. Ine ndimati talakwitsa bwanji poti Chase anapanga mayadi 1,455 chaka choyamba nkutifikitsa ku Super Bowl, fainolo ya NFL. Iye amati munafika inde koma munakaluza 23-20 kwa Rams, Burrow anagwetsedwa asanaponye mpira ka 7 gemu yomweyo, sizoni yonse ka 51, kuphatikiza ma playoff ka 70, amati munagula wailesi yodula nyumba ilibe chitseko. Takangana mpaka alongo anga anatiletsa kukamba za mpira pa nsima.

Nde ndikufunsa inu. Osati za Bengals zokha. Mutakhala inu oyendetsa timu, muli ndi pick mu top 10, QB wanu ndi mwana wamng'ono, mumatenga wa pa mzere kapena wogwira mpira? Nanga a pa mzerewo onse asanu ndi ofanana mtengo, kapena apakati aja, ma guard ndi center, angadikire maraundi a m'munsi?

Wamalasha_Moatize:

Achimwene mlamu wanu akunena zoona, mumupepese mumugulire kanyenya wa mbuzi. Ine ndimagwira ntchito ndi magalimoto akuluakulu onyamula malasha kuno, galimoto ikhale yodula bwanji koma ngati msewu wa mu mgodi sunakonzedwe imangothyoka masipuling'i basi, nde pakampani yanzeru amayamba ndi giledala osati galimoto. QB ndi galimotoyo, mzere ndi msewu.

Taonani David Carr, pick yoyamba ya 2002 ku Houston Texans, anagwetsedwa ka 76 sizoni imodzi, ndi rekodi imeneyo, mwana uja anangosanduka wamantha, maso m'malo moyang'ana anzake kutali ankangoyang'ana amene akubwera kudzamuphwanya. Andrew Luck ku Colts anamenyedwa zaka ndi zaka, timu inadzatsegula maso mu 2018 nkutenga Quenton Nelson pa nambala 6, guard tu osati tackle, ndipo chaka chimenecho Luck anangogwetsedwa ka 18 basi. Koma thupi linali litatopa kale, August 2019 munthu anasiya mpira ali ndi zaka 29. Madzi akatayika saoleka. Ngakhale Mahomes, QB wa Kansas City amene mumati ndi mfiti uja, February 2021 analowa Super Bowl ma tackle ake onse awiri, Eric Fisher ndi Mitchell Schwartz, atavulala, epa, munthu anathamanga usiku wonse ngati nkhuku yothawa kabawi, analuza 31-9, touchdown (chigoli chake cha mpirawu) olo imodzi. Mbali inayo Tampa Bay inali ndi Tristan Wirfs amene anamutenga pa nambala 13 mu draft ya 2020 kuti atchinge QB wawo Tom Brady, mwana anawina chikho chaka choyamba.

Koma mfundo yanga yeniyeni ndi ya kusowa kwa katundu. Munthu wotalika pafupifupi mamita awiri, wolemera makilo 140, koma wotha kubwerera chammbuyo mwachangu uku akutchinga mnzake wothamanga ngati agwape, anthu oterowo Mulungu sapanga ambiri, ndipo akaoneka amatha mu raundi yoyamba. Pomwe ma receiver amamera ngati bonongwe chaka chilichonse. Puka Nacua anatengedwa mu raundi 5 mu 2023 nkupanga mayadi 1,486, kuposa Chase wanuyo chaka choyamba. Ndipo ichi ndiye chokubayani, ma Lions omwewo atatenga Sewell mu 2021 anadzatola Amon-Ra St. Brown mu raundi 4, draft yomweyo. Iwo anapeza zonse ziwiri, chitseko ndi wailesi yomwe. Inu munapeza wailesi yokha.

Chapa_ya_Matundo:

Kkkkk a Wamalasha mwalemba ngati ulaliki koma mwasankha mavesi okukomerani okha. Sewell chaka chake choyamba ma Lions anawina magemu angati? Atatu. Chase chaka choyamba anali ku Super Bowl. Tiyambire pamenepo.

Ine ndimayendetsa chapa Tete kupita Moatize tsiku lililonse nde ndilibe nthawi yolemba zambiri koma imvani izi. Joe Thomas, pick nambala 3 mu 2007 ku Cleveland Browns, left tackle yemwe aliyense amavomereza kuti anali dolo, anasewera ma snap (kuyambika kwa mpira) 10,363 motsatizana osatuluka olo kamodzi, ali mu Hall of Fame, kaundula wa akatswiri, pano. Gemu ya playoff anasewera zingati pa masizoni 11? Ziro. 2016 timu yake inawina gemu imodzi, 2017 sinawine olo imodzi. Munthu wabwino kwambiri pa ntchito yake dziko lonse koma timu mbola. Chifukwa tackle sagoletsa achimwene, iye amangoletsa kuti zinthu zisaipe mbali yake yokhayo.

Komanso bodza lomwe anthu amakonda ndi loti wa pa mzere ndi pick yosaluza. Ndani anakuuzani? 1989 Green Bay inatenga Tony Mandarich pa nambala 2, anzake anayi a mu top 5 ya chaka chimenecho, Troy Aikman, Barry Sanders, Derrick Thomas ndi Deion Sanders onse ali mu Hall of Fame, iye yekha ayi. Tangoganizani kusiya Barry Sanders. 2013 ma tackle anatengedwa pa 1, pa 2 ndi pa 4, amene anakhala nyenyezi yeniyeni ndi wa pa 4 uja Lane Johnson, wa pa 2 Luke Joeckel Jacksonville sinapindule naye. 2014 Greg Robinson nambala 2 ku Rams, chimodzimodzi. Nde musamanene ngati kutenga chimphona ndi kusunga ndalama ku banki.

Ndiye za Super Bowl ya Bengals ija, a Domwe mukamufunse mlamu wanu kuti pa play yomaliza amene anamugwira Burrow ndani. Aaron Donald wa Rams. Anadutsa pati? Pakati, pa guard. Sewell ndi tackle, amaima kunja kumapeto kwa mzere, akanakhalapo akanangoonerera ngati ife tomwe pa TV. Fisi akafuna mbuzi sayang'ana pomwe pali mtengo waukulu wa khola, amazungulira mpaka apeze pomwe pawola. Difensi imachitanso chomwecho, imasiya dolo wanuyo nkukaunjikana pa wofooka. Nde pick imodzi siikonza mzere wa anthu asanu, pomwe receiver mmodzi ngati Chase amasintha mmene difensi yonse ikuimira, anthu awiri amayenera kumulondera. Pronto, ndapita, anthu adzadza.

Mngoni_waku_Domwe:

A Chapa Mulungu akudalitseni, ya Donald ija ndamutumizira kale mlamu pa WhatsApp, waona koma sanayankhe kkkk. Koma kunena chilungamo a Wamalasha andibaya ndi ya St. Brown. Komanso sizoni ya 2024 Chase anatsogola ligi yonse pa zonse zitatu, mipira 127, mayadi 1,708, ma touchdown 17, koma tinathera 9-8 kunja kwa playoff, pomwe ma Lions anapanga 15-2. Chimenecho chimandisowetsa tulo.

Mphunzitsi_Furancungo:

Ana anga ndakhala ndikuwerenga, ndiloleni nane ndiponyepo, mundikhululukire ndilemba zazitali, ndi matenda a ntchito yathu.

Nonse awiri, a Wamalasha ndi a Chapa, mukukangana za kumsika, kuti ng'ombe tigule yodula kapena yotchipa. Koma aliyense amene anakhalapo ndi ngolo ku Angónia kuno kapena kwathu ku Macanga akudziwa kuti nkhani siithera pogula. Bambo anga anagulapo ng'ombe yamphongo yokongola kwambiri, anthu ankabwera kudzaiona, koma ataimanga pa goli ndi inzake yakale ngolo inkangokhotera kumbali chifukwa ina ikukoka ina ikudikira, zinatenga miyezi kuti ziphunzire kuponda limodzi. Apo ndi ziwiri zokha. Mzere wa NFL ndi goli la ng'ombe zisanu, ndipo zimayenera kumvana popanda kuyankhula, center akaloza kuti uyu ndi wanga uyo ndi wako, difensi nkusinthana malo mpira utangoyamba, guard ndi tackle amayenera kupatsirana anthu m'kaphindi kosakwana sekondi. Zimenezo sizigulidwa usiku wa draft.

Chitsanzo changa ndi Philadelphia Eagles, ngakhale si timu yanga. Lane Johnson anamutenga pa nambala 4, inde, apo a Wamalasha asangalale. Koma Jason Kelce, center amene anasiya mpira mu March 2024, anali wa raundi 6, pick 191 mu 2011, ankamunena kuti ndi wochepa thupi. Jordan Mailata anali wa raundi 7, pick 233 mu 2018, mnyamata wa rugby wa ku Australia amene anali asanasewerepo gemu ya mpira umenewu chibadwire, ngakhale kuvala chipewa chija anachita kuphunzitsidwa. Anamusunga zaka ziwiri osasewera, mu 2020 ndi pomwe anayamba kulowa, kenako nkudzakhala left tackle wa timu yowina chikho. Landon Dickerson ndi Cam Jurgens onse a raundi 2. Mekhi Becton anali pick 11 ku Jets mu 2020, kumeneko zinamuvuta ndi kuvulala, atafika ku Eagles mu 2024 anamuchotsa pa tackle nkumuika pa guard, munthu nkudzuka. Kumbuyo kwa anthu amenewa Saquon Barkley anathamanga mayadi 2,005. Chomwe chikulumikiza onsewa si raundi ayi, ndi mphunzitsi wa mzere, Jeff Stoutland, amene anafika kumeneko mu 2013. Mwina ndikukokera kwanga poti ndine wa choko, koma mwana yemweyo amene walephera m'kalasi ina amakhoza m'kalasi ina, ndaziona zaka zambiri.

Tsono pa funso lachiwiri la a Domwe, ayi, asanuwo si ofanana mtengo. Tackle amaima kumapeto, kunja kwake kulibe mnzake, amakumana yekha ndi wothamanga kwambiri wa difensi pabwalo lotseguka, nde amafunika kutalika, mikono ndi mapazi zonse pamodzi, a Wamalasha sananame kuti oterowo ndi osowa. Guard ndi center amagwira ntchito mothinana, ali ndi anzawo uku ndi uku, munthu wamphamvu ndi wanzeru angathe ngakhale alibe liwiro. Onani zomwe Kansas City inachita itachita manyazi aja a 31-9. Miyezi yochepa yokha anagula Joe Thuney, anasinthanitsa ma pick kuti apeze Orlando Brown, nde pa draft anatola Creed Humphrey pa 63 ndi Trey Smith pa 226. Apakatiwo anawapeza motchipa ndipo anawina nawo zikho ziwiri zotsatizana. Koma pa left tackle Brown atachoka anavutika mpaka kumapeto kwa sizoni ya 2024 anachita kumusuntha Thuney kuchoka pa guard kukatseka kunjako, ndipo February 2025 ma Eagles anamugwetsa Mahomes ka 6 osatumiza nkomwe anthu owonjezera, anayi okha a kutsogolo, 40-22. April wotsatira Kansas City inatenga tackle, Josh Simmons, ndi pick yawo yoyamba. Timu imodzi yomweyo ikukuphunzitsani zonse ziwiri, kuti apakati amatoleka m'munsi koma akunja satoleka wamba.

Pali nkhani ya ndalama yomwe simunaikhudze. Kuyambira 2011 malipiro a ongolowa kumene anaikidwa malire, wa raundi yoyamba amasaina zaka 4 ndipo timu ili ndi ufulu wowonjezera chachisanu. Ndiye phindu la pick ndi kusiyana kwa zomwe ukumulipira mwanayo ndi zomwe ukanalipira wamkulu wa ntchito yomweyo pamsika. Sewell mu 2024 anasaina madola 112 miliyoni pa zaka 4, musayese kuwerengera mu metikali mungadwale mutu. Kukhala ndi munthu wa mtengo umenewo pa malipiro a mwana wa sukulu zaka zingapo ndi phindu lalikulu pa timu yomwe ili ndi malire a ndalama, mu 2025 malirewo anali madola 279.2 miliyoni pa timu yonse. Receiver wapamwamba nayenso ndi wodula choncho, nde Chase pa nambala 5 pa masamu amenewa sanali kulakwitsa. Koma center ayi. Komanso chaka chachisanu chija amawerengera onse a pa mzere mtengo umodzi, center kumulipira ngati tackle, nchifukwa chake Baltimore inakana kutenga chaka chachisanu cha Tyler Linderbaum mu 2025 ngakhale mnyamatayo amasewera bwino.

Ine nditakhala pampando, top 10 ndimatenga tackle ngati alipo weniweni ndipo ndilibe, koma sindingamukokere pamwamba munthu wapakatikati chifukwa choti ndili ndi njala ya tackle, apo ndi pomwe amabadwira ma Joeckel. Guard ndi center raundi 2 mpaka 4, ndipo chaka chilichonse nditengeko mmodzi m'munsi ngakhale mzere uli bwino, azikula pambali. Ma Bengals cholakwa chawo sichinali Chase. Anatenga wa pa mzere mu raundi 2 chaka chomwecho sanaphule naye kanthu, 2022 anakagula atatu pamsika nthawi imodzi, 2023 anagula Orlando Brown, 2024 anatenga Amarius Mims pa 18. Chaka chilichonse goli latsopano.

NaZobue_wa_mbatata:

Aphunzitsi mwatiphera data kkkk koma zikomo. Ine ndine mzimayi ndekha muno kapena? Mpira umenewu anandiphunzitsa ndi mwana wanga amene amasewera gemu ya pa vidiyo ya NFL yotchedwa Madden mpaka usiku, pano ndimamuposa kukangana.

Chomwe nonse mwasiya ndi QB mwini wakeyo. Mukuwerenga ma sack, kugwetsedwa kwa QB kuja, ngati onse ndi mlandu wa mzere, si zoona. Mzere umakupatsa masekondi awiri ndi theka, mwina atatu, ukapitirira apo wadziputa wekha. Brady, pick 199 uja, anasewera mpaka zaka 45 osati poti anali ndi zimphona zisanu nthawi zonse koma mpira unkachoka m'manja msanga, akaona kuti palibe amangoutaya panja mawa nlina. Burrow wanuyo a Domwe ndimamukonda koma ndi wouma mutu, amaugwira mpira kudikira Chase amasuke kutali, nthawi zina zimabala touchdown nthawi zina zimabala sack, gemu ya Tennessee ija anagwetsedwa ka 9 nkuwinabe. Kuno pa boda timati wogulitsa tomato sadikira mtengo wa mawa. Ngakhale mutamupatsa Sewell awiri khalidwe limenelo silingathe.

China chomwe chimandiseketsa ndi zoyeza mikono. Will Campbell mu 2025 anamuyeza ku combine, koyezera anyamata draft isanachitike ku Indianapolis, mikono inakwana mainchesi 32 ndi 5/8, anthu akuti tackle amayenera kufika 33, phokoso lake mwezi wathunthu eti akhale guard, pomwe kusiyana kwake sikukwana olo sentimita imodzi. Mwana wasewera left tackle zaka zitatu ku LSU motsutsana ndi anyamata oopsa inu nkumamuweruza ndi tepi ya telala. New England inamutengabe pa nambala 4.

Nanga a NFL anapita ku Ghana mu 2022, ku Kenya mu 2023 kukasaka anyamata, bwanji osabwera ku Tsangano kudzaona anthu onyamula matumba a mbatata pamsana kukweza mu lole? Mailata wina ali konkuno akudya nsima ya mgaiwa.

Wamalasha_Moatize:

Asisi a ku Zobue anyamata a ku Tsangano mphamvu ali nazo koma msinkhu, akafika m'khwapa mwa Mailata ndi mwayi kkkk. Za mikono musaseke kwambiri, amene wayamba kugwira chifuwa cha mnzake ndi amene amalamula, ngati wa difensi ali ndi mikono yaitali amakukankha iwe usanamufike nkomwe, uli ngati mwana womenya mkulu wake atamugwira pamphumi. Sentimita imodzi payokha si kanthu ndikuvomera, koma penapake mzere umayenera kulembedwa. Za Burrow kugwira mpira mwanena zoona sinditsutsa.

A Chapa, Joe Thomas analibe QB, ma Browns ankasintha ma quarterback ngati masokosi, nde chitsanzo chanucho chikungosonyeza kuti msewu wabwino wopanda galimoto sunyamula malasha, zomwe palibe akukana. Funso la a Domwe linali loti QB ali kale. Ndipo magemu atatu a ma Lions mu 2021 musawaone okha, anali kumanga, Taylor Decker pick 16 mu 2016, Frank Ragnow pick 20 mu 2018, Sewell pick 7, atatu a raundi yoyamba pa mzere umodzi, pofika sizoni ya 2023 anali pa gemu yolowera Super Bowl ndi Jared Goff amene Rams inamutaya. Dallas nayo Tyron Smith 2011, Travis Frederick 2013, Zack Martin 2014 pomwe anthu ankafuula kuti atenge QB Johnny Manziel, chaka chomwecho DeMarco Murray anathamanga mayadi 1,845. Aphunzitsi akuti center ndi guard adikire, koma Frederick, Ragnow, Martin ndi Nelson onsewa ndi apakati a raundi yoyamba, ndani akudandaula?

Chinanso zoti left tackle yekha ndiye wofunika ndi zachikale. Kale ankati amateteza kumsana komwe QB wa dzanja lamanja sakuona, koma masiku ano wa difensi woopsa ngati T.J. Watt amabwerera mbali ya right tackle, nde mutani. Sewell dzina lake walipangira kumanja, Lane Johnson kumanja, Chargers mu 2024 anali kale ndi Rashawn Slater kumanzere koma mphunzitsi wawo Jim Harbaugh anatengabe Joe Alt pa nambala 5 nkumuika kumanja, receiver Malik Nabers ali pompo, anakatengedwa pa 6. Mkangano wa Chase ndi Sewell womwewo, wina anasankha mosiyana.

Chapa_ya_Matundo:

Dallas yanuyo ndi zimphona zake zitatu inakafika pati shefi? Chikho chomaliza ndi cha sizoni ya 1995, ena muno anali asanabadwe. Ma Lions Super Bowl sanaipondepo chiyambire. Ife a Chase tinakafikako kkkk. Ndili pa mlatho wa Samora pali mzere wautali kuposa wa Eagles, ndiyankha bwino madzulo.

Mngoni_waku_Domwe:

Aphunzitsi ya goli latsopano chaka chilichonse yandiwawa chifukwa ndi zoona, sindinaiganizepo choncho. Koma Chase sindimubweza, olo mutandipatsa Sewell ndi ng'ombe ziwiri pamwamba. Mlamu wayankha tsopano, akuti Donald anadutsa pakati inde koma Von Miller wa Rams yomweyo anamugwetsa Burrow kawiri tsiku lomwelo ndipo iyeyo ndi wothamangira kunja, nde tabwerera pomwe tinayambira, alongo anga atseka chitseko cha kukhitchini.

Draft usiku woyamba imayamba 2 koloko m'bandakucha nthawi yathu, April kuno kumakhala kutayamba kale kuzizira nde mwini baraka akuti satsegula pokhapokha tisonkhe ya magetsi ndi ya makala a mbaula. Asisi a ku Zobue mukapezeka ku Ulongwe sabata imeneyo mubwere ndi mwana wanu wa Madden uja, mbatata tikazinga tokha. A Chapa tikudikira ya madzulo ija, muyankhenso ya Von Miller chifukwa ine yandikanika.